Amayi Maria a ku La Vang ndi Akatolika othawa kwawo a ku Vietnam

La Vang ndi dera la m'chigawo cha Quảng Trị, pakatikati pa dziko la Vietnam, pomwe Akatolika amakhulupirira kuti Amayi Maria adaonekera kwa akhristu othawa chizunzo m'chaka cha 1798. Lero dzinali limamveka kutali ndi nkhalango yomwe lidachokera, pakuti ku Amereka ndi ku Australia kuli maparishi ndi malo opempherera a anthu a ku Vietnam otchedwa ndi dzina lomweli.

M'chaka chimenecho mfumu Cảnh Thịnh, ya ufumu wa Tây Sơn, idaletsa chipembedzo cha Katolika. Inkaganizira Akatolika kuti ali kumbali ya mdani wake, Nguyễn Ánh, yemwe ankathandizidwa ndi episkopi wa ku France, Pigneau de Béhaine. Akhristu ambiri adathawira m'nkhalango ya La Vang, komwe adakumana ndi njala, matenda ndi zilombo zolusa. Malinga ndi mbiri yomwe makolo akhala akusimbira ana awo, madzulo aliwonse anthuwo ankasonkhana patsinde pa mtengo waukulu kunena kolona. Usiku wina adaona mayi wovala mkanjo wautali, atanyamula mwana, angelo awiri ali m'mbali mwake. Mayiyo adawatonthoza, nawauza kuti aziwiritsa masamba a zomera za pamalopo ndi kumwa madzi ake ngati mankhwala, ndipo adalonjeza kumva mapemphero a aliyense wodzapemphera pamenepo.

Nchochititsa chidwi kuti chozizwitsa cha m'nkhaniyi si kugonja kwa mfumu kapena kutha kwa chizunzo, koma mankhwala a masamba kwa anthu odwala omwe adalibe kolowera. Ena amati dzina loti La Vang lidachokera ku chomera chotchedwa lá vằng, pomwe ena amalimasulira kuti kufuula.

Nkhaniyi idasungidwa pakamwa, osati m'zolembedwa za nthawi imeneyo, ndipo likulu la mpingo ku Vatican silidagamulepo kuti kuonekeraku kudachitikadi. Chomwe mpingo udalemekeza ndi mapemphero a anthu pamalopo. Papa Yohane wa 23 adakweza tchalitchi cha La Vang kukhala basilika mu 1961, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri adatumiza uthenga pa chikondwerero cha zaka 200 mu 1998. Koma pofika chakacho tchalitchi chija chidali bwinja, popeza chidaphwanyidwa pa nkhondo mu 1972, nkutsala nsanja ya belu yokha.

Mzinda wa Saigon utagwa m'manja mwa asilikali achikomyunizimu pa 30 Epulo 1975, anthu miyandamiyanda adayamba kuthawa m'dzikomo, ambiri pa mabwato ang'onoang'ono. Ochuluka adafera panyanja ndi namondwe, ludzu kapena achifwamba. Opulumuka adasungidwa m'misasa ya othawa kwawo monga Pulau Bidong ku Malaysia ndi Galang ku Indonesia, asanalandiridwe m'maiko ena. Pakati pa Akatolika a m'gululi, ambiri amasimba kuti ankanena kolona m'bwato ndipo amati adapulumuka kaamba ka mapemphero a Amayi Maria. Kwa iwo mbiri ya 1798 sinkafuna womasulira: idali ya anthu othawa, odwala ndi amantha ngati iwo omwe.

Kudziko lachilendo mapempherowa adagwiranso ntchito ina, yosunga chilankhulo ndi ubale. Kuyambira mu 1978, mumzinda waung'ono wa Carthage m'chigawo cha Missouri ku Amereka, chipani cha ansembe ndi abulazala ochokera ku Vietnam chimachititsa msonkhano wa Marian Days m'mwezi wa Ogasiti. Anthu zikwizikwi amagona m'matenti, amachita Misa m'chilankhulo chawo, ndipo mabanja omwe adabalalika amaonana. Mu Julayi 2021, ku Christ Cathedral mumzinda wa Garden Grove ku California adadalitsa malo opempherera okhala ndi chifanizo chachikulu cha Amayi Maria a ku La Vang atavala áo dài, mkanjo wa amayi a ku Vietnam.

Ku La Vang kwenikweniko, ulendo waukulu wa mapemphero umachitika zaka zitatu zilizonse cha pa 15 Ogasiti, tsiku lokumbukira kutengedwa kwa Maria kunka kumwamba. Nsanja ya belu ija adaisiya chiimire ndi zipsera zake za nkhondo.