Mphaka ndi nkhokwe za ku Dedza

M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 amene anthu akale anajambulapo zithunzi pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse. Zithunzi zofiira zambiri n'za Akafula, anthu osaka nyama. Zoyera n'za Achewa, anthu a khasu. Kwa mlenje mphaka analibe ntchito. Koma mlimi amamanga nkhokwe, nkhokwe imaitana khoswe, ndipo kumene kwachuluka makoswe mphaka sachedwa kufika.

Umu ndi mmene zinayambira ngakhale kutali. Akatswiri anapeza kuti amphaka onse oweta anachokera kwa vumbwe wa kumpoto kwa Africa ndi ku Middle East, mbale wake wa vumbwe yemweyu amene amatha nkhuku m'khola. Pachilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe munthu anaikidwa pafupi ndi mphaka. Pachiyambi penipeni palibe anakoka nyama ya mtunduwu ndi chingwe. Inadzibweretsa yokha kudzasaka pafupi ndi dzinthu, ndipo anthu ataona phindu lake anaileka.

N'chifukwa chake mphaka wa kumudzi mpaka lero mwendo wina uli pakhomo, wina kutchire. Amaswera pansi pa nkhokwe kapena m'mulu wa mapesi, ndipo tiana take tikakula osaonana ndi munthu timafwenthera aliyense woyandikira, zikhadabo zili panja.

Nzeru ya amayi a m'midzi pa timphaka totere inali kudekha. Sankatithamangitsa. Ankasiya kausipa kapena kambamu ka nsima pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, n'kumasendeza mbale pang'onopang'ono kufupi ndi khomo. Kuno kumtunda kuzizira kumathandizanso: tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi kamphaka kamafuna kokha phulusa lofunda la pa mafuwa. Kakadya munthu ali pomwepo, kakagona iye akusonkha moto, ndiye kuti katsala pang'ono kulola dzanja. Kafukufuku wa Eileen Karsh ku America m'zaka za m'ma 1980 anaonetsa kuti nthawi yabwino yozoloweretsa kamphaka ndi kuyambira masabata awiri kufika asanu ndi awiri. Kopitirira pamenepo kamazolowerabe, koma movuta.

Si onse anaikonda nyama imeneyi. Mphaka wakuda woyenda usiku wakhala akunamiziridwa ufiti, ndipo ambiri aphedwa ndi miyala popanda mlandu. Zimenezi n'zomvetsa chisoni, chifukwa nyama yomweyo ndi imene inali kulondera chakudya cha banjalo anthu ali m'tulo.

Masiku ano nkhokwe zikuchepa. Poopa akuba ndi anankafumbwe, mabanja ambiri akutonola chimanga n'kuchisunga m'matumba m'nyumba, pafupi ndi mbewu ya kachewere. Khoswe walondola matumbawo, choncho mphaka wa pabwalo sakukwaniranso. Pakufunika wolowa m'nyumba, wosaopa ana. Amene wapeza timphaka pansi pa mapesi asatilande kwa make tisanaleke kuyamwa, koma azitigwira modekha tikadali tating'ono. Tikakula atitengere kwa alangizi a ziweto kukabayitsa katemera, popeza chiwewe chimagwiranso amphaka, osati agalu okha.