Samusa ya pa depoti ya Zomba inachokera kutali

Ukangotsika minibasi pa depoti ya Zomba, usanafunse n'komwe galimoto yokwera ku Chawe, mayi wina amakhala atakupeza kale ndi chidebe chake. "Samusa zamoto, achimwene!" Amakukulungira ziwiri pakapepala, pepalalo n'kunyowa ndi mafuta. Ukaluma ngodya imodzi nthunzi imatuluka, fungo la anyezi ndi tsabola n'kukulowa m'mphuno.

Dzina la kanthu ka ngodya zitatuka linachokera ku Persia, kumene ankati sanbosag. Wolemba mbiri wa kumeneko, Bayhaqi, anaitchula m'zaka za m'ma 1000. M'ma 1300 mlendo wotchuka wa ku Morocco, Ibn Battuta, anaidya kunyumba ya mfumu Muhammad bin Tughluq ku Delhi, mkati mwake muli nyama yogaya, mtedza wa kumeneko ndi zokometsera. Mbatata ya kachewere, imene ife timaiona ngati mwini wa samusa, panthawiyo kunalibe ku India. Kwawo ndi ku South America, ndipo inafika pambuyo pake ndi zombo za azungu.

Kuno kwathu njira inatseguka mu 1891, pamene Harry Johnston anakhazika boma la atsamunda m'tsinde mwa phiri la Zomba n'kubweretsa asilikali achisikh ochokera ku India. Pambuyo pawo panabwera amwenye amalonda, ambiri a ku Gujarat, amene anatsegula masitolo m'matauni ndi m'midzi. M'ma 1970 boma la Kamuzu linawalamula kuti achoke m'midzi akachitire malonda m'matauni akuluakulu, ndipo Zomba inali imodzi mwa matauniwo.

Koma amene anaitulutsa samusa m'khitchini n'kuifikitsa pamsewu, ine ndimati ndi anthu athu amene ankaphika m'nyumba za amwenyewo. Anaphunzira kukanda fulawa mopyapyala, kuipinda ngati kathumba, kumata m'mphepete ndi phala la fulawa lomwelo kuti isaphulike m'mafuta. Mayina awo sanalembedwe paliponse, koma luso lawo lero likulipirira ana sukulu ku Chinamwali ndi ku Matawale. M'mwezi wa Ramadan, dzuwa likamalowa, samusa sisowa m'mbale za Asilamu a m'tauni muno pomasula kusala.

Chiyambire pamene Malawi anamanga ubale ndi China kumapeto kwa 2007, apaulendo athu akumananso ndi mbale wake wa samusa, xiaolongbao, wochokera ku Nanxiang pafupi ndi Shanghai. Ameneyu sakazingidwa, amaphikidwa ndi nthunzi m'tidengu tansungwi, ndipo msuzi umakhala mkati mwenimweni. Ophika amauumitsa kaye msuziwo mpaka ugwirane, amaukulunga pamodzi ndi nyama, ndiye ukatentha umasungunuka. Wakudya amaika pasupuni, kuboola pang'ono, kumwa msuzi, kenaka n'kudya. Nzeru yake ndi yogometsa, ndipo eni ake amainyadira poyera.

Kunyadira kumeneko n'kumene kumatisowa. Mlendo akamakwera phiri timamuuza za masitiroberi ndi damu la Mulunguzi, za samusa osatchulako, ngati kuti ndi chakudya chochititsa manyazi. Chonsecho yakhala nafe nthawi yaitali, ndipo manja amene amaipinda usiku kuti m'mawa ikhale yamoto ndi a kuno komweko.

Mukadzafika ku Zomba, musathamangire kuphiri. Imani kaye pa depoti, mugule kwa mayi uja, mudye ikadali yotentha.