Mmene Tinafikira Pomva Maganizo a Mwana Powerenga

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, boma linasankha Cingelezi kukhala cilankhulo cophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 linakhazikitsa zimenezi. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu, mwana wa ku Katete kapena ku Matero anali kuyamba sukulu m'cilankhulo cimene sanali kulankhula kunyumba. Ana ambiri anali kungobwereza mau a mphunzitsi onse pamodzi ngati nyimbo. Mwana akaona polakwika m'nkhani, analibe mau onenera, ndipo mphunzitsi sanali kudziwa zimene mwanayo akuganiza.

Kukonzanso maphunziro kwa mu 1977 kunasunga Cingelezi, koma kunalola mphunzitsi kufotokoza zovuta m'cilankhulo ca ana. Mu 1996 cikalata ca Educating Our Future cinanena kuti mwana ayambe kuwerenga ndi kulemba m'cilankhulo cimene amacidziwa. Mu 1999 panayamba Primary Reading Programme. M'maphunziro a New Breakthrough to Literacy, ana a Giredi 1 anali kuyang'ana cithunzi, kukambirana, ndi kupanga ziganizo zawo ndi timakadi ta mau. Mu 2014, zilankhulo zisanu ndi ziwiri, kuphatikizapo Cinyanja, zinayamba kugwiritsidwa nchito pophunzitsa Giredi 1 mpaka 4.

Masinthidwe amenewa anapatsa mwana mau onenera maganizo ake. Koma cizolowezi cakale coyesa mwana waphee kukhala wanzeru sicinathe.

Tiyerekeze kuti mukuwerenga nthano ya Kalulu amene ananyenga anzake pa citsime. Mtsikana wina afunsa kuti, "Nanga n'cifukwa ciani tikumuombera m'manja pamene anaba madzi?" Mnyamata wina aona cithunzi ca m'buku nati, "Bwanji amene akuphika ndi amayi okhaokha? Kwathu atate amaphika nsima." Ana awa sakucita mwano. Amvetsa nkhani, aiyerekeza ndi moyo wawo, ndipo akufunsa mbali imene wolemba waima. Kumeneku ndiko kuwerenga mwakuya.

Funso lotere likabwera, musafulumire kuyankha. Lilembeni pa bolodi, funsani mwanayo pamene wapeza ganizolo m'nkhani, ndipo lolani anzake atsutse kapena avomereze. Polemba za kupita patsogolo kwa ophunzira, lembaninso mafunso amene mwana aliyense anafunsa, pambali pa malembo ndi mau amene watha kuwerenga.