Kodi Nyangu Anali Mayi Kapena Mlongo wa Kalonga?



Aliyense amene anachezerapo pa maliro kuno ku Area 1 akudziwa zimene zimachitika pa moto usiku ukakula. Nyimbo zikayamba kuzilala, akuluakulu amayamba kulondoloza chibale. Wina amati agogo a malemuwa anakwatiwa kwa mfumu ya ku Dedza. Wina amatsutsa nati ayi, amene anakwatiwa kumeneko ndi mng'ono wawo. Onse awiri ndi anthu a imvi, ndipo onse akuti anamva kwa makolo. Ife ana timangoyang'ana pansi, mumtima tikuti mmodzi mwa iwo akunama kapena wakalamba. Sabata ino tiyeni tione m'mene akatswiri a mbiri yakale anachitira atakumana ndi mkangano wotere pa maukwati a banja lalikulu koposa m'mbiri ya Achewa, banja la Kalonga, mfumu ya Amaravi.

Likulu la Kalonga linali ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza. Zimene tikudziwa za banja lake zimachokera ku magwero atatu. Loyamba ndi nkhani zapakamwa. A Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anasonkhanitsa zambiri mwa izo m'buku la Mbiri ya Achewa, lomwe linatuluka m'zaka za m'ma 1940 ndipo linamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973. Pambuyo pawo, a Harry Langworthy anafufuza mbiri ya ufumu wa Undi namaliza mu 1969, ndipo a Kings Phiri anayenda m'midzi ya m'chigawo chapakati namaliza kafukufuku wawo mu 1975. Gwero lachiwiri ndi zolemba za Apwitikizi amene ankakhala ku Tete ndi ku Sena m'mbali mwa Zambezi. Lachitatu ndi nthaka yeniyeniyo: a Yusuf Juwayeyi anafukula pa Mankhamba napeza mikanda, mkuwa ndi mapale a mbale za ku China, ndipo buku lawo la 2020 likuonetsa kuti pamalopo panali kale mudzi zaka za m'ma 1400 zisanathe.

Munthu akaika magwero amenewa pamphasa imodzi, mutu umazungulira. Nkhani zina zimati Nyangu anali mayi wa Kalonga, zina zimati anali mlongo wake. Zina zimati Undi anali mbale wa Kalonga, zina zimati anali mtsibweni wake. Ena amatchula Mazizi ndi Chinkhole ngati mafumu awiri otsatizana, pomwe ena amalumikiza maina awiriwa kukhala a munthu mmodzi. Ndipo ukafunsa kuti mkazi wa Kalonga anali yani, yankho limakhala limodzimodzi, Mwali, kaya ukufunsa za Kalonga woyamba kapena za Sosola, amene anaphedwa m'zaka za m'ma 1860. Kodi mkazi mmodzi angakhale pa banja zaka mazana anayi?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatswiri atadekha anaona kuti Nyangu ndi Mwali sanali maina a munthu mmodzi, koma mipando. Pa Chichewa munthu akalowa ufumu amalowanso dzina, ndipo amatenga chibale chonse cha amene anayamba kukhala pa mpandowo. N'chifukwa chake mfumu ya lero imatha kunena kuti ine ndinachokera ku Uluwa, pomwe amene anayenda ulendowo anafa kalekale. Nyangu anali mkazi wamkulu wa mbumba yachifumu ya Aphiri, amene m'mimba mwake munkachokera olowa ufumu. Tsono lingalirani bwino. Ufumu wa Achewa umatsata kuchikazi: mfumu ikafa, wolowa m'malo ndi mng'ono wake wa bere limodzi kapena mwana wa mlongo wake. Mkazi amene ali mlongo wa Kalonga wa lero ndiye mayi wa Kalonga wa mawa. Wonena kuti Nyangu anali mlongo sananame, wonena kuti anali mayi sananamenso. Aliyense anaima pa m'badwo wake.

Za Undi zikhoza kumasuka m'njira yomweyo. Ngati Undi anali mbale wa Kalonga wina, ndipo Kalonga ameneyo atafa analowa ndi mwana wa mlongo wawo, ndiye kuti Undi yemweyo anasanduka mtsibweni wa Kalonga watsopano. Munthu ndi mmodzi, dzina la mpando ndi limodzi, koma wokhala pa mpandowo wasintha.

Nanga Mwali? Iyeyu anali mkazi wamkulu wa Kalonga, ndipo ankachokera ku mtundu wa Abanda. Nkhani zambiri zimagwirizana kuti Aphiri atafika anapeza Abanda ali kale m'dziko muno, akusunga akachisi a mvula. Wamkulu mwa akachisiwo anali wa ku Msinja, m'munsi mwa Dzalanyama, m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe, kumene kunkakhala Makewana. Choncho mawu oti Kalonga anakwatira Mwali sakunena za tsiku limodzi la chikondwerero. Akunena za pangano la mitundu iwiri lomwe linkabwerezedwa pa Kalonga aliyense: Aphiri agwire ufumu, Abanda agwire nthaka ndi mvula. Ana a Mwali, potsata mayi wawo, anali Abanda, ndipo sakanalowa ufumu wa bambo wawo. Amene angalembe mndandanda wa mafumuwa mwa Chizungu, kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana, adzasochera pa mzere woyamba womwe.

Makewana nayenso amatiphunzitsa kusamala ndi mawu oti ukwati. Nkhani zimamutchula mkazi wa Chisumphi, ndipo sankakwatiwa monga akazi ena. Pa miyambo ina mwamuna wa udindo wa Kamundi, wa mtundu wa Ambewe, ndiye ankaimira nsato yopatulika. Mlendo wolemba mofulumira akhoza kulemba kuti mwamuna wa Makewana anali Kamundi, wina n'kulemba kuti analibe mwamuna, ndipo mdzukulu wowerenga mabuku awiriwo n'kumati wina wanama.

Mwina wina anganene kuti, bwanji osangokhulupirira zolembedwa, poti pepala siliiwala? Zolemba za Apwitikizi zili ndi ubwino umodzi waukulu, zili ndi zaka. Timadziwa kuti mu 1616 Gaspar Bocarro, pa ulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, anafika kwa mfumu yamphamvu yotchedwa Muzura. Timadziwa kuti mu 1622 Muzura anagonjetsa Lundu mothandizidwa ndi Apwitikizi, ndi kuti mu 1667 wansembe wa chipani cha Ajezuiti, Manuel Barreto, analemba za mfumu imene anaitchula kuti Caronga. Koma anthu amenewa mtima wawo unali pa minyanga, golide ndi nkhondo. Sanafunse kuti Muzura anabadwa kwa yani, ndipo funso limeneli ndilo likanatiuza ngati anali wa mbumba ya Nyangu. Mwa ichi akatswiri anagawanika. Ena anati Muzura ndiye Kalonga amene. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Amontfort amene anafufuza kwa zaka zambiri mbiri ya Mbona ndi Amang'anja, anaona kuti anali mfumu ina yapayokha. Pepala linasunga zaka koma linataya amayi, pomwe pakamwa panasunga amayi koma panataya zaka. Mutu umodzi susenza denga.

Komabe tisadzinyenge kuti kusiyana kulikonse kumatha tikazindikira za mipando. Pali kusiyana kwina kumene kumabadwa chifukwa wofotokozayo ali ndi chake choteteza. Za kuchoka kwa Undi ku Mankhamba pali nkhani ziwiri. Ina imati anachoka atakwiya chifukwa anamulambalala pa ufumu, ndipo anatenga Nyangu ndi mbumba yachifumu kupita nawo ku Mano, m'dera la Tete. Ina imati Kalonga anachita kumutuma kuti akatsegule dziko latsopano. Nkhani yoyamba imakweza Undi, pakuti amene ali ndi Nyangu ndiye ali ndi gwero la mafumu. Yachiwiri imamuika pansi pa Kalonga ngati mtumiki. Apa wofufuza sangangosakaniza ziwirizo. Ayenera kufunsa kuti wanena ndani, anali wa mbali iti, ndipo ankauza yani. Funsoli linakula kwambiri boma la atsamunda litakhazikitsa lamulo la 1933 lopatsa mafumu ena mphamvu zolamulira ndi kuweruza. Kuyambira pamenepo mndandanda wa makolo unasanduka umboni wokapereka kwa DC, ndipo ukwati umodzi wa gogo wakale unkatha kukweza mudzi wina ndi kutsitsa unzake. Nkhani ya Undi ndi Nyangu siinafe ayi. Lero mfumu yaikulu ya Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi Kalonga Gawa Undi, amene amalandira mafumu pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, mwezi wa Ogasiti.

Vuto limeneli si la Achewa okha. Ku France, m'zaka za pakati pa 900 ndi 1137, olamulira khumi a dera la Aquitaine anali ndi dzina limodzi la Guillaume, ndipo ofufuza amavutika kudziwa kuti mkazi wakuti anakwatiwa ndi Guillaume uti. Iwo amayerekeza mabuku a amonke olembedwa mochedwa ndi makalata opereka minda ku tchalitchi, omwe ankalembedwa mwamuna ndi mkazi wake ali moyo. Kumenekonso chibale chinkagwedeza maufumu: mu 1152 ukwati wa Eleanor wa ku Aquitaine ndi mfumu Louis VII unathetsedwa pa chifukwa choti awiriwo anali pachibale, ndipo chaka chomwecho Eleanor anakwatiwa ndi Henry, amene mu 1154 anakhala mfumu ya England.

Ngakhale m'Malembo Oyera funsoli lilimo. Mateyo pa mutu 1 akuti bambo wa Yosefe Woyera anali Yakobe, pomwe Luka pa mutu 3 akuti anali Eli. M'zaka za m'ma 200, mkhristu wina wophunzira, Julius Africanus, anapereka yankho lomwe Mchewa aliyense angalimve msanga, ndilo chokolo. Iye anafotokoza kuti Eli ndi Yakobe anali a mayi mmodzi koma abambo osiyana. Eli anamwalira wopanda mwana, Yakobe analowa chokolo nabereka Yosefe, choncho Yosefe anali wa Yakobe mwa magazi koma wa Eli mwa lamulo. Si akatswiri onse amavomera kufotokoza kumeneku, koma njira yake ndi yomwe taona kwa Nyangu: asanatsutse mboni, anayamba wafunsa mwambo wa ukwati umene mbonizo zinkaudziwa.

Tsono zimenezi zikutikhudza bwanji ife a m'tauni? Ambiri a ife tinabadwira ku Bwaila, ndipo kumudzi timangopitako pa maliro. Dzina limene lili pa chiphaso chathu ndi la bambo. Ngakhale chiwongo, chomwe kale pa Chichewa chinkatsata mayi, masiku ano ambiri amatengera kwa bambo, pomwe ufumu ndi minda m'midzi yambiri zikutsatabe kuchikazi. Mnyamata wotchedwa Banda akhoza kukhala wa mbumba ya Aphiri iye osadziwa. Milandu yolimbirana ufumu imene timamva ikufika mpaka ku khoti kawirikawiri imagona pa funso loti gogo wakuti anabadwa kwa mkazi uti. Ndiponso pa nkhani ya ukwati, makolo athu ankalola chisuweni, pomwe lamulo la Mpingo la 1983 limati ana a munthu ndi mlongo wake, kapena a munthu ndi mbale wake, sangakwatirane popanda chilolezo cha Ambuye Episkopi. Achinyamata awiri okumana m'kwaya angathe kukonzekera zonse, chibale n'kudzaululika pa chinkhoswe.

Tili ndi mwayi umene a m'nthawi ya Kalonga analibe. Msonkhano wa Mpingo wa ku Trent unalamula mu 1563 kuti wansembe aliyense wa parishi azilemba maukwati m'kaundula. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902, ya Likuni mu 1903, ndipo makaundula a ubatizo ndi a maukwati amasunga maina a makolo, midzi ndi masiku. Koma nawonso tiziwawerenga ndi maso awiri. Wansembe wochokera kunja ankalemba dzina monga analimvera, munthu mmodzi ankatha kukhala ndi dzina la ubwana, la kuchinamwali ndi la ubatizo, ndipo kaundula wa maukwati amatchula mkazi wa ku tchalitchi yekha ngakhale pamene mwamunayo anali ndi ana kwina.

Choncho ulendo wina mukapita kumudzi, khalani pansi ndi agogo aakazi, pakuti iwo ndiwo amasunga za mabere. Akatchula dzina, funsani ngati ndi la munthu kapena la mpando, ndipo ngati ndi la mpando, anali wachingati. Akati uyu anali mwana wa uje, funsani ngati anali wobereka yekha, wa mbale wake, kapena wa chokolo. Kenaka pitani kwa atsibweni a mbali ina mukamvenso. Nkhani zikasiyana, musasankhe yokukomerani n'kutaya inayo. Lembani zonse ziwiri m'kope, pamodzi ndi dzina la amene wanena, mudzi wake ndi tsiku limene mwamva, kuti amene adzabwere pambuyo panu adzakhale ndi poyambira. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera kwa amene anawasunga. Agogo amene angakuuzeni kuti mayi wa mayi wawo anakwatiwa kuti mwina chaka chamawa simudzawapeza pakhonde paja.