Émile Gaboriau

Émile Gaboriau (1832–1873) anali mlembi wa ku France, mmodzi mwa oyambitsa mabuku a nkhani zofufuza milandu. Anabadwira ku Saujon ndipo anamwalirira ku Paris ali ndi zaka 40 zokha. Atasiya usilikali anagwira ntchito kwa mlembi Paul Féval, uku akulembera nyuzipepala. Buku lomwe linamutchukitsa ndi L'Affaire Lerouge la mu 1866.

Wapolisi wa m'nkhani zake, Monsieur Lecoq, sayendera mphekesera. Amagwada pansi kuyeza mapazi otsala pa chipale chofewa, n'kudziwa msinkhu ndi mayendedwe a amene wadutsapo. Mlembi Arthur Conan Doyle anatengerapo luso limeneli popeka wofufuza milandu wa m'nkhani zake, Sherlock Holmes. N'zomvetsa chisoni kuti Holmes yemweyo amanyoza Lecoq m'buku la A Study in Scarlet la mu 1887.