Dzina la Chiswahili linachokera kugombe

Amalinyero a Chiarabu ankayenda ndi mphepo ya nyengo. Ikaomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, zombo zawo zamatanga zinkatsetsereka mpaka kum'mawa kwa Africa, n'kumadikira miyezi kuti itembenuke iwabweze kwawo. Mtunda umene ankakochezapo, womwe ife timati gombe, iwo ankautcha sahil. Magombe akachuluka ankati sawahil. Dzina la Aswahili ndi chilankhulo chawo linatuluka m'mawu amenewa.

Ibn Battuta wa ku Morocco, yemwe anafika ku Mombasa ndi ku Kilwa mu 1331, analemba za dera lotchedwa Sawahil. Nthawi imeneyo mawuwa ankanena malo basi. Eni nthaka ankadziwika ndi mizinda yawo, a ku Lamu, a ku Pate, a ku Mvita, ndipo dzina lowaphatikiza onse linafala mochedwa, makamaka m'zaka za m'ma 1800, mafumu a ku Oman atakhazikika ku Zanzibar.

Ambiri amapusitsika pamenepa. Poona kuti dzinalo n'lachiarabu, amayesa kuti chilankhulonso n'cha Aluya. Ayi ndithu. Chinabwereka mawu ambiri kwa iwo, monga kitabu ndi safari, koma msana wake ndi wachibantu. Mswahili akati moto, nyama kapena mbuzi, agogo a ku Dedza safuna womasulira.

Mawu aja akuti sahil anafikanso kumalo amene si gombe la nyanja n'komwe. Dera louma lodutsa ku Senegal, Mali, Niger ndi Chad limatchedwa Sahel, ndipo ambiri amafotokoza kuti amalonda a ngamira ankaliona ngati gombe la chipululu cha Sahara.

Ifenso tisadabwe kwambiri, poti Anyanja ndi Chinyanja anatenga dzina kumadzi. Ndipo anthu a kugombe aja anafika kuno. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdullah anakhazikika ku Nkhotakota n'kukhala Jumbe woyamba, zombo zake zikuwolotsa minyanga ndi akapolo kupita kutsidya, ulendo wa ku Kilwa. Mbiri imeneyi ndi yowawa, siyofunika kuipaka mafuta. Ku Karonga, wamalonda wina dzina lake Mlozi anachita zomwezo mpaka pamene anapachikidwa mu 1895.

Lero Chiswahili chinafalikira kutali ndi nyanja ya mchere. SADC inachivomereza kukhala chilankhulo chogwirira ntchito mu 2019, ndipo mu 2021 UNESCO inasankha 7 Julaye kukhala tsiku lochikumbukira padziko lonse.