Za Ng'anjo ndi Chipala

Munthu woyenda m'nkhalango ya Kasungu m'nyengo ya chilimwe, lupsa litatha ndipo mitengo itayoyola masamba, ngati ali naye wom'tsogolera wodziwa njira, adzaona pena ndi pena chinthu cha dothi lofiira chitaima chokha pakati pa mitengo, chotalika kuposa munthu, chachikulu m'munsi ndi choonda kumwamba, chimene mlendo angachiyese chulu kufikira ataona zibowo za m'tsinde mwake ndi miyala yakuda yolemera imene ili mbwee pansi pozungulira ponse. Imeneyo ndiyo ng'anjo, mmene makolo athu ankayengeramo chitsulo. Kuti ng'anjo zimenezi zikali chiimire kufikira lero lino si chifukwa chakuti wina anazisamala, iyayi, koma chifukwa cha kashembe. Pakuti m'chaka cha 1922 boma la Atsamunda, poopa nthenda ya kaodzera, linasamutsa anthu m'dera limenelo, ndipo dziko losiyidwalo linasanduka malo osungirako nyama mu 1930, kenaka nkhalango yotetezedwa ya dziko lonse mu 1970. Kumene anthu anakhalabe ndi kulima chaka ndi chaka, ng'anjo zambiri zinagumulidwa ndi khasu lomwelo limene zinabala.

Ntchito imeneyi njakale koposa m'dziko muno, yakale kupambana mafuko onse amene mayina awo tiwatchula lero. M'zaka za m'ma 1960 katswiri wokumba zakale, Keith Robinson, anakumba pa phiri la Phopo ku Rumphi ndi pa Nkope m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, napeza mapale a mbiya pamodzi ndi zotsalira za m'ng'anjo, zimene zitayesedwa zinaonetsa kuti pakati pa zaka za 200 ndi 400 Ambuye atabadwa anthu anali kuyenga kale chitsulo kuno, kutatsala zaka mazana ambiri kuti Kalonga afike. Ndipo pamene Yusuf Juwayeyi anakumba pa Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, pamene panali mzinda wa Kalonga, anapezapo zipangizo zachitsulo zili pamodzi ndi mkuwa, minyanga ya njovu, mikanda yagalasi, ndi mapale a mbale zochokera ku China. Ife amene tinaphunzira ku sukulu za mishoni tinadziwa dzina la Tubalikaini, wosula wa m'buku la Genesis, tisanamve dzina ngakhale limodzi la wosula wa kwathu.

Alendo oyamba kulemba za dziko lino anaiona ntchitoyi ikali yamoyo. Antonio Gamitto, Mpwitikizi amene ananyamuka ku Tete mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, anapyola m'dziko la Amaravi ndi Achewa, nalemba za ng'anjo zawo ndi za makasu awo, amene ankagulitsidwa kufikira kwa Apwitikizi a pa Zambezi. David Livingstone, atakwera kumapiri a Shire mu 1859, anapeza kuti pakati pa Amang'anja mudzi uliwonse unali ndi ng'anjo yake, ootcha makala ake ndi osula ake, ndipo anadabwa poona khasu lolemera kuposa mapaundi awiri likusinthidwa ndi kansalu ka mtengo wa makobiri anayi. Chitsulo cha kumapiri chinkatsikira kuchigwa kukagula mchere ndi nsalu za thonje zoombedwa komweko, chinkapita kunyanja kukagula nsomba, ndipo chinkalowa kubwalo la mfumu ngati mtulo kapena dipo la mlandu.

Tsono kuti timvetse chifukwa chimene ntchito yotchuka chotere inafera, tiyenera kuyamba taona kulemera kwake, pakuti ambiri amene amailira lero sadziwa thukuta limene linkagwa khasu limodzi lisanabadwe. Ntchitoyi inali ya m'chilimwe, anthu atakolola. Poyamba amuna ankagwetsa mitengo yolimba, monga muwanga, naiotcha makala ochuluka ndithu, chifukwa makala ndiwo ankatha kuposa china chilichonse. Ena ankakumba nthale, ndiyo miyala yofiirira yokhala ndi chitsulo, imene ku Kasungu ipezeka m'mphepete mwa madambo, naiphwanya tizidutswa. Ena ankaponda dothi la pachulu, naumba ng'anjo pang'onopang'ono, kulindira kuti mzere wapansi ulimbe asanasanjikepo wina. Enanso ankaumba timipope tadothi, kukulungiza dothilo pa ndodo yosalala ndi kuisolola lisanaume, ndipo timipope timeneti ankatilowetsa m'zibowo za m'tsinde muja kuti mpweya uzilowerapo. Zonse zitakonzeka, mmisiri wamkulu ankathira makala ndi nthale mosinthanasinthana kuchokera kukamwa kwa ng'anjo kufikira itadzaza, ndipo pamenepo moto unkayatsidwa m'munsi.

Chodabwitsa cha ng'anjo zazitali za ku Kasungu ndi za Aphoka a kumapiri a Nyika n'chakuti sizinkafuna mvukuto. Kutalika kwake komweko ndiko kunkakoka mpweya, pakuti mpweya wotentha pokwera kumwamba unkaitana wozizira kuti ulowe m'timipope tija, kotero kuti moto unkadzikoleza wokha usana ndi usiku, nthawi zina masiku angapo, amisiri ali chigonere pambali pake, kuyang'ana maonekedwe a lawi ndi kumvetsera kulira kwa mpweya. Ndiponso tisaganize kuti chitsulocho chinkasungunuka ndi kuyenderera. Chimene chinkasungunuka ndi dothi ndi mchenga za m'nthalemo, zimene zinkatsikira pansi ndi kuuma, ndizo miyala yakuda ija, pamene chitsulo chenicheni chinkatsala chigulumwa chokhakhala, chosakanikirana ndi makala. Popeza nthale ya ku Kasungu njosauka, chotuluka m'ng'anjo yaikulu chinkasankhidwa ndi kulowetsedwanso m'kang'anjo kakang'ono kovukutidwa ndi mivukuto ya chikopa cha mbuzi, ndipo chitatuluka m'menemo m'pamene chinkapita kuchipala kukakomana ndi nyundo. Anati akuluakulu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma apa munthu ankatha kudekha mwezi wathunthu osaona kanthu, ng'anjo itakana.

Popeza ng'anjo inkatha kukana popanda chifukwa chooneka ndi maso, sitidabwa kuti inazingidwa ndi miyambo yambiri. Inkamangidwa kuthengo, kutali ndi mudzi. Pansi pake mmisiri ankakwirira mankhwala amene ankawadziwa yekha, ndipo sankawaulula koma kwa mwana kapena mphwake amene anam'sankha kuti adzalowe m'malo mwake. Onse ogwira ntchitoyo ankadika, osalowa m'nyumba kwa akazi awo kufikira chitsulo chitatuluka. Mkazi wa kumwezi sankayandikira, ndipo chakudya chinkabwera ndi ana kapena amayi okalamba, anthu ozizira, monga momwe zikhalira pa chinamwali ndi pa maliro. Ng'anjoyo inkayesedwa mkazi woyembekezera, ndipo chigololo cha mmisiri chinkayesedwa chokhoza kupha chimene chili m'mimba mwake. Ena mwa ophunzira athu amaseka zimenezi, nati ndi zamdima. Ine sindiseka, pakuti ndiona kuti mwambo umene usunga amuna khumi pamalo amodzi, osaledzera, osakangana, osathawira kumudzi usiku pamene moto ufuna maso, wagwira kale theka la ntchito, ngakhale tisanene kanthu za mankhwalawo.

Nanga chinazimitsa moto umenewu n'chiyani? Kummwera unayamba kuzilala msanga, pamene nkhondo za ogwira akapolo ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 zinabalalitsa midzi ya Amang'anja. Ndipo pakati ndi kumpoto Angoni, amene anaoloka Zambezi mu 1835, anaumiriza anthu kukhala m'malinga ndi m'mapiri, mmene kugona kuthengo sabata yathunthu pambali pa moto wooneka kutali kunali kudziitanira nthungo. Komabe nkhondo siinaphe ng'anjo, chifukwa nkhondo nayo ifuna chitsulo. Chinaipha ndi mtendere ndi sitolo. Kampani ya African Lakes, imene abale awiri John ndi Frederick Moir anaiyendetsa kuyambira mu 1878, ndi amwenye amene anatsegula masitolo pambuyo pake, anadzetsa makasu a ku Mangalande, osulidwa ndi makina mazanamazana pa tsiku. Msonkho wa nyumba, umene unadza dziko litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, unafuna ndalama, osati makasu. Anyamata amene akadasenza makala ndi kuphunzira pa mapazi a amalume awo anapita kuthangata, ku Halale ndi ku Joni. Ndipo malamulo a nkhalango anachepetsa ufulu wogwetsa mitengo. Munthu wogwira ganyu masiku owerengeka ankagula khasu limene kale linkadya mwezi wa anthu ambiri, ndipo ndani angam'dzudzule? Makolo athu sanali opusa poyenga chitsulo, ndipo sanalinso opusa pochileka. Pofika cha m'ma 1930 ng'anjo zotsiriza za ku Kasungu ndi ku Nyika zinali zitazizira.

Zimene tidziwa lero za m'kati mwa ntchitoyi tazidziwa mwa mwayi wa mphindi yotsiriza. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri Nikolaas van der Merwe, Donald Avery ndi David Killick anafunafuna nkhalamba za kwa Chulu ku Kasungu ndi za pakati pa Aphoka, zimene zinagwirako ntchitoyi zili anyamata, nazipempha kuti zimangenso ng'anjo ndi kuyatsanso moto umene unazima zaka makumi asanu m'mbuyomo. Nkhalambazo zinavomera, zinadika monga mwa mwambo, zinafuna mankhwala kuthengo, ndipo alendowo anayeza kutentha, analemba kulemera kwa makala ndi nthale, nasindikiza zimene anaona. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma awa akadagonera zaka khumi zina akadalowa m'manda pamodzi ndi eni ake. Chondiwawa n'chakuti zolembedwazo zili m'Chingerezi cha ophunzira, m'magazini a kunja ndi m'mabuku a mayunivesite, kumene mdzukulu wa mmisiri wa kwa Chulu sadzafikako.

Si kuti m'dziko muno mulibe osamala zakale. Bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946 ndi dzina lakuti Nyasaland Society, lakhala likusindikiza magazini yake kuyambira mu 1948, ndipo m'menemo muli zambiri za mbiri, miyambo ndi ntchito za manja zimene zikadatayika. Nyumba yosungiramo zakale ya pa Chichiri inatsegulidwa mu 1966, ndipo nthambi ya boma yoona za zakale inakhazikitsidwa chaka chotsatira. Mabuku ndi zithunzi za bungwe lija zisungidwa m'chipinda chapamwamba cha Mandala House ku Blantyre, nyumba imene inamangidwa mu 1882 ndi kampani yomwe ija ya a Moir. Kotero kuti wofuna kuwerenga za imfa ya ng'anjo akwera makwerero a nyumba ya amene anathandiza kuipha. Sindinena ichi monyoza, pakuti wosunga ndi wosunga, ndipo tiyenera kuwathokoza.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndiona kuti osunga zakale, ndi ife tonse pamodzi nawo, tachilambalala. Ntchito ya chitsulo inali ndi mbali ziwiri, kuyenga ndi kusula, ndipo inafa ndi imodzi yokha. Chipala chikalipo. Pitani kuseri kwa msika wa Ndirande, kapena pamsika uliwonse wa kumudzi tsiku la msika, mudzam'peza wosula pansi pa chisakasa, kamnyamata kakupukusa gudumu la njinga limene lalowa m'malo mwa mvukuto wa chikopa, chidutswa cha njanji chili pamene panali mwala wosulirapo, ndipo m'makalamo mukufiira sipuling'i ya lole imene inafera pamsewu. Pa chitsulo chimenecho atulutsa nkhwangwa, kasemasema, chikwakwa ndi mpeni. Atenthetsa nsonga ya nkhwangwa naibaya pa mpini kufikira utsi utafuka ndipo chitsulo chitakhazikika pamalo pake. Ndipo mayi wobwera ndi khasu lobwereka, limene paja silikhala kuthyoka, abwerera nalo lolumikizidwa mwini wake asanadziwe. Nthale yake ya munthu ameneyu ndi galimoto zakufa, koma dzanja lake ndi diso lake n'zochokera kwa amene Gamitto anawaona.

Munthu ameneyu palibe amam'tcha chuma cha fuko. Akuluakulu a mzinda amam'thamangitsa chifukwa cha utsi, a zankhalango amam'landa makala, ndipo ana ake, akapita kusukulu, amachita manyazi kutchula ntchito ya atate awo. Pamene tilira ng'anjo ya m'nkhalango ndi kuika khasu lakale m'bokosi lagalasi, tili kubwereza ndi chipala cholakwa chomwe chija chimene agogo athu anachita ndi ng'anjo, ndicho kulindira kuti amisiri atsale atatu okalamba, ndi kuti mlendo adze kudzawafunsa. Chikhala chanzeru kuti mabungwe osamala mbiri atume anyamata ndi atsikana odziwa kulemba Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao kukakhala pa zipala zimenezi tsopano lino, amisiri akali ndi mphamvu, kuti akalembe dzina la wosula aliyense ndi la amene anam'phunzitsa, kubwerera m'mbuyo kufikira pamene kukumbukira kwawo kulekeza. Akafunse makala a mtengo uti ali abwino ndi chifukwa chake, chitsulo cha galimoto chiti chiyenera nkhwangwa ndi chiti chingoyenera msomali, ndi kufiira kotani kumene wosula alindira asanaviike mpeni m'madzi kuti ulimbe koma usathetheke. Zolembedwazo zisindikizidwe m'zinenero zomwezo, pa mtengo umene mphunzitsi wa kumudzi angaukwanitse, ndipo buku loyamba lipite kwa wosula mwini wake, kuti akonze pamene olembawo anamva molakwa.